Telala wa Maliro Opanda Eni

Mumsewu wa masitolo a zitsulo, pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi utoto, panali makina osokera opalasa ndi mwendo. Eni ake anthu ankangowatchula kuti Mayi Telala. Anakhala pakhonde limenelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka simenti inakumbika pamene pankaponda miyendo ya makinawo.

Anakwatiwapo kamodzi, ali mtsikana. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri mwana osabwera, mwamuna ananyamula sutikesi nkupita kukayesa kwina. Kenako mlongo wawo anamwalira nkusiya ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo Mayi Telala anawalera ndi singano yomweyo. Anawo atakula anapeza ntchito kutali. Ankaimba foni mwa apo ndi apo. "Azakhali, mwezi uno ukangotha tibwera," ankatero. Mayi Telala ankachapa makatani, nkuyala bedi lachiwiri, koma mwezi wakewo sunkatha. Potsiriza bedilo analisandutsa poikapo nsalu za makasitomala.

Mwini sitoloyo anali mmwenye wokalamba wa chipembedzo cha Asikhi, wa ndevu zoyera ndi nduwira ya buluu. Msewu wonse unkamutcha Madala a Misomali. Iwo anali m'modzi wa akuluakulu a bungwe lachifundo la Asikhi, limene linali ndi khitchini pakachisi wawo yodyetsa aliyense wolowa, osafunsa kumene achokera, ndiponso galimoto yonyamula odwala. Zimenezi Mayi Telala ankazidziwa. Ntchito yachitatu ya bungwelo anaidziwa tsiku limene Madala anatuluka m'sitolo atanyamula mpukutu wa nsalu yoyera.

"Mayi, mundidulire mamita atatuatatu, mupinde m'mphepete. Zikhale zidutswa zisanu ndi chimodzi."

"Ndi makatani, abwana?"

"Ayi. Kuchipatala chachikulu kuli anthu amene amwalira, miyezi yadutsa, wobwera kudzawatenga palibe. Timawatenga ife nkukawaika. Amene ankatisokera manja ake ayamba kunjenjemera."

Mayi Telala anasoka. Lachitatu lotsatira Madala anabweranso akukanda ndevu. Anati pakati pa omwalirawo pali akazi awiri, ndipo sikoyenera kuti awakulunge amuna okhaokha. Mayi Telala anavundikira makina awo ndi nsalu, nakwera galimoto.

Kuyambira pamenepo, Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ankapita anthu atatu: Madala, Mayi Telala ndi dalaivala wa bungwelo, bambo wamimba yaikulu amene ankatchedwa Mabuleki. Kumanda a mzinda ankapeza okumba atamaliza kale, atakhala pamthunzi. Madala ankati, "Sitikudziwa kuti munthuyu ankapemphera kuti. Tiyeni tingoima, aliyense apemphere m'mene amadziwira." Ankaima chilili, Madala akung'ung'udza m'chilankhulo chawo, Mayi Telala akuyimba chamumtima. Pamtumbira ankazikapo kachitsulo kokhala ndi nambala.

Pobwerera Mabuleki sankalola kuti m'galimoto mukhale zii. "Mayi Telala, makasitomala awa ndiye abwinotu," ankatero. "Palibe anabwezapo chovala kuti chathina m'khwapa."

"Inu mudzakhala woyamba, ndi mimba yanuyo."

Madala ankaseka mpaka kutsokomola. Kenako onse ankalowa kukachisi, kuvula nsapato, kufunda kumutu, nkukhala pansi pamzere umodzi ndi onyamula katundu pamsika, alonda ndi amayi a ana kumbuyo. Mayi Telala sanauzepo munthu, koma m'mwezi wonse limenelo linali tsiku lokhalo limene ankadya pali wina pambali pawo.

M'chaka chachinayi, m'mawa wina, wogwira ntchito kumotchale anawapatsa jumbo ya zovala za mayi wina amene anakhala kumeneko miyezi itatu. Anati anagwa pamalo okwerera basi, analibe chiphaso, ndipo anamwalira asanalankhule. Mayi Telala anatulutsa diresi la maluwa achikasu, natembenuza mpendero monga amachitira telala aliyense. Kumanzere kunali kathumba kobisika mkati, kosokedwa kawiri. Mathumba otero ankasoka iwo okha.

Nkhope sanaizindikire, popeza miyezi itatu ndi yambiri. Koma diresi analikumbukira. Mwini wake anali mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu, wamanja osuwa ndi sopo, amene anapempha kathumbako kuti azibisamo kiyi.

"Abwana, uyu tisamuike lero," anatero. "Ndipatseni sabata."

Madala anakalankhula ndi a chipatala, ndipo analola.

Masana omwewo Mayi Telala anafufuza m'kope lawo la miyezo. Anapeza dzina la mayiyo, chifuwa, chiuno, msinkhu, ndi mawu akuti "kuseri kwa okonza matayala". Nambala ya foni panalibe. Okonza matayala mumzindamo analipo ambiri, moti anayenda masiku atatu, makina ali chivundikire. Tsiku lachitatu anafika pa mdadada wa zipinda zisanu za malata. Chipinda cha mayiyo munali kale anthu ena, thewera litayanikidwa pakhomo.

Woyandikana naye, mayi woyembekezera, anagwira pakamwa. "Ife timayesa anapita kwa mwana wawo! Ali ndi mwana wamkazi, amagwira ntchito kufakitale kutali uko. Anayambana kalekale, nkhani ya mwamuna." Analowa m'nyumba, nabwera ndi kapepala ka nambala ya mwanayo kamene mayiyo anamusungitsa kuti adzaimbe akadzadwala.

Mayi Telala anaimba ali pomwepo. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti iwo ndani, ndi zimene zinachitika. Kumbali inayo kunangomveka phokoso la makina a fakitale.

"Mulipo?" anafunsa Mayi Telala.

"Ndilipo," anayankha mtsikanayo. "Ikani, mayi. Ine sangandilole kuchoka pano." Foni inaduka.

Mayi uja anamuika Lachitatu linalo. Madala anauza wolemba zikwangwani kuti pakachitsuloko alembepo dzina. Mabuleki tsiku limenelo sanachite nthabwala, anangoyatsa wailesi nkuizimitsanso.

Patapita milungu itatu, Mayi Telala akusoka zipi ya thalauza, pakhonde panaima mtsikana wamtali atakolekera kachikwama paphewa. Anati ndi iye uja wa pafoni. Anakwera basi limodzi kupita kumanda. Mtsikanayo anaima pamtumbira nthawi yaitali osalira, akusewera ndi lamba wa kachikwama.

"Ankanena chiyani za ine?"

Mayi Telala anafuna kumunamiza, koma lilime linakana. "Mwanawe, ine ndinangowayeza diresi. Ankadandaula za msana basi. Koma nambala yako anaisungitsa kwa mnzawo, ataikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe."

Apo mtsikanayo anakhala pansi pafumbi, nalira mokuwa mpaka okumba manda anasiya mafosholo. Mayi Telala anamugwira paphewa, kenako anamutengera kwawo. Anachotsa nsalu za makasitomala pabedi lachiwiri lija, naphika chakudya cha anthu awiri. Mtsikanayo anagona masiku awiri. Anasesa, anatunga madzi, anakonza chitseko cha kabati chimene chinali chitalendewera chaka chonse. Pochoka anawakumbatira. "Ndinu amayi anga tsopano. Ndiziimba Lamlungu lililonse."

Anaimba kawiri. Lamlungu lachitatu Mayi Telala anaika foni patebulo kuyambira m'mawa, akumayang'ana ngati batire ilimo. Sanamuimbe mlandu. Anadziwa kuti mawu awo ankamukumbutsa mwanayo chinthu chimene sankafuna kuchikumbuka.

Chaka chotsatira Madala a Misomali anadwala sitiroko, ndipo ana awo anabwera kudzawatenga kupita nawo kudziko lina. Sitolo inagulitsidwa. Eni atsopano anafuna khonde lonse kuti aziyalapo matailosi. Maso a Mayi Telala nawo anali atayamba kuchita nkhungu, moti kulowetsa ulusi pasingano kunkawatengera nthawi yokwanira kuphika tiyi. Makina anawasamutsira kunyumba, ndipo makasitomala anatha m'modzim'modzi.

A bungwe sanawaiwale. Mkulu watsopano, dokotala wamano wolankhula mofulumira, anawatumizira galimoto kuti akawaone maso kumsasa wa zachipatala waulere umene bungwelo linkachititsa pakachisi. Diso limodzi linachira, linalo linakana. Nsalu zoyera anayamba kugula zopinda kale, koma anawapempha kuti asasiye kubwera Lachitatu loyamba, chifukwa akazi ofunika kuwakulunga sankatha.

Tsiku lina akuchokera kumanda, Mayi Telala anauza Mabuleki kuti aime pambali pa msewu. Anatulutsa pepala lopindapinda.

"Apa pali manambala a ana a mlongo wanga. Tsiku langa likadzafika, mudzaimbe. Akadzanena kuti abwera mwezi ukatha, musadzadikire."

Mabuleki analandira pepalalo, naliyang'ana mbali zonse. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kuseka, koma analiika m'thumba la malaya nkumanga batani.

"Ndamva, achemwali," anatero. "Koma inunso mutenge langa. Matenda a shugawa sindikuwakhulupirira."

Analemba nambala ya mchimwene wake kuseri kwa katoni ya mankhwala, nawapatsa. Kenako analiza galimoto, chifukwa nthawi inali itadutsa kale ndipo kukhitchini ya pakachisi kunali matumba awiri a anyezi oti asendedwe anthu asanayambe kufika.