Denga la Matumba Popita ku Ntchisi

Tinanyamuka ku Bowe m'mawa wa Lachiwiri, mu Januwale, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Mvula inali itagwa masiku anayi osakata. Achimwene anga a Lameki ndiwo ankayendetsa galimoto ya pikapu, ine ndili pambali pawo nditafukata matumba a feteleza omwe ndinachapa dzulo lake. Pikapuyo anabwereka kwa mnzawo wogula fodya. Kumbuyo kwake kunali nsungwi zisanu ndi matiresi okulunga m'pepala la pulasitiki, basi.

Tinkakatenga abambo ku chipatala cha ku Madisi. Anagona kumeneko milungu isanu atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti chatsala n'kukawasamalira kunyumba. Koma ku Bowe abambo anakana. Amayi anali atatisiya kale, ndiye iwo ankafuna kwawo ku Ntchisi, m'munsi mwa phiri, komwe analondera nkhalango ali mnyamata. Kutsogolo kwa galimoto sakanatha kukhala. Anayenera kugona kumbuyo, ndipo kumbuyoko kunalibe denga.

Cha m'ma seveni tinaima pa Madisi, pafupi ndi khonde la sitolo ya Che Saidi, bambo wina wachisilamu wogulitsa misomali, mchere ndi sopo. A Lameki anayamba kumangirira nsungwi ndi chingwe cha khonje. Che Saidi ankationerera uku akumwa tiyi.

"Khola la nkhuku limeneli?" anafunsa.

"La odwala, bambo," anayankha a Lameki. "Tikupita nawo ku Ntchisi."

Che Saidi anaika kapu pansi. Analowa m'sitolo n'kutuluka ndi chubu chakutha cha tayala komanso mpeni.

"Msewu wa ku Ntchisi ndimaudziwa. Chingwe chimenecho simufika nacho ndi pa Mponela pomwe. Mphira ndiye imagwira."

Anatisonyeza kung'amba nsungwi pakati, kuzipinda ngati uta, n'kuloweka nsonga zake m'mabowo a m'mbali mwa galimoto. Mauta anayi anaima. Nsungwi yachisanu inagona pamwamba pawo ngati msana, ndipo mfundo iliyonse anaikulunga ndi mphira yodula yaitali. Ine ndinakhala pakhondepo kusoka matumba ndi singano yaikulu yosokera mabelo a fodya. Akazi awo a Che Saidi anandiuza kuti thumba lam'mwamba lizisanjika pa lam'munsi, monga timafolerera udzu, kuti madzi azitsetsereka. Anandithandiza kusoka mbali imodzi yonse osandifunsa dzina.

Titamaliza, chinthucho chinkaoneka ngati nkhokwe yogwa chammbali. Anthu anasonkhana. Masiku amenewo chilichonse chachilendo chikafika pa msika anthu ankafuna kudziwa mwini wake, ndiye bambo wina anafunsa kuti galimotoyi ndi ya chipani chiti.

"Cha feteleza," anatero a Lameki, akumanga mphira yomaliza.

Abambo tinawakweza ku chipatala cha m'ma leveni. Anali atapepuka moti a Lameki anawanyamula okha. Ndinakhala pambali pawo, a Lameki n'kutseka kumbuyo ndi thumba lomaliza. M'katimo munali kuwala koyera, kofewa, ngati m'bandakucha wosatha. Zilembo za pa matumba zinkaoneka chagada pamwamba pathu. Mvula itayambanso, inkalira pang'onopang'ono ngati munthu akupeta mapira kutali, ndipo dontho ndi limodzi lomwe silinalowe. Ndinanyadira ntchito ya manja anga.

Pa tala wa ku Mponela tinayenda bwino. Titaima kuthira mafuta ndinagula zitumbuwa ndi mango. Mkulu wina wonyamula chikwama anathamangira galimoto, poyesa ndi matola.

"Ntchisi? Makwacha asanu ndili nawo."

Anasuzumira m'kati, anaona abambo, n'kuvula chipewa. "Pepani, mayi. Muyende bwino." Anaima pomwepo, chipewa chili m'manja, mvula ikumunyowetsa, mpaka tinakhota.

Kuchoka pa Mponela msewu unali wa dothi lofiira, loterera ngati therere. Galimoto inkavina, nsungwi zikulira, koma mphira inagwiradi. Titayenda ngati ola limodzi ndinaona dzanja la abambo, lamoyo lija, likukanda thumba m'mbali. Ndinayesa akumva kupweteka. Ndinawerama.

"Esinati," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Mwandiika kale?"

"Ayi, bambo. Tili pa ulendo. Tikupita kwanu."

"Nanga dziko lili kuti?"

Ndinayang'ana mozungulira. Kumwamba koyera, m'mbali koyera, kumapazi koyera. Milungu isanu anaona denga la chipatala, ife n'kuwatsekeranso m'thumba.

Ndinagogoda pa galasi, a Lameki anaima. Nditawauza kuti ndikufuna kuboola zenera anakana.

"Mlongo, m'mawa wonse uja tavutikiranji? Akazizidwa afika bwanji?"

"Akuti tawaika m'manda, achimwene."

A Lameki anatulutsa mpeni m'thumba la malaya n'kundipatsa. Ndinadula thumba mbali zitatu, ndinalikweza ngati chikope cha diso, n'kulichirikiza ndi kachidutswa ka nsungwi. Abambo ndinawatsamiritsa pa chifuwa changa, bulangeti mpaka m'khosi.

Zomwe tinaona pa kazenera kameneko sindinazionenso chimodzimodzi, ngakhale msewuwo ndadutsamo kambiri. Mitambo inali itagona m'zigwa, mapiri akuyandama pamwamba pake ngati alibe mizu. Minda ya chimanga inkakwera chitunda n'kukasowa mu nkhungu. Kenaka nkhungu inkang'ambika, n'kuoneka nyumba imodzi, mbuzi itaima pakhonde, mayi atafunda thumba kumutu, zonse n'kuzimiriranso. Abambo anayamba kutchula mitengo imene tinkadutsa. Msuku. Muwanga. Mkuyu. Lilime lawo lolemera lija linkamasuka pa dzina lililonse. Mvula inkawawaza kumaso, iwo n'kutsegula pakamwa kuti ilowe.

Pena nthawi inkawasokonekera. Anandiitana Nambewe, dzina la amayi, n'kundiuza kuti ndisaope, alongo awo ndi munthu wabwino, akandilandira. Ndinazindikira kuti ali pa ulendo wina, wa zaka makumi anayi zapitazo, wokaonetsa mkazi kwawo.

"Sindikuopa," ndinayankha.

Pa kamtsinje kena matayala anatitimira. Amuna anayi omwe ankabandira fodya chapafupi anasiya makasu n'kubwera kudzakankha. Mayi wina wonyamula bowa m'lichero anafika pa zenera kudzaona za m'kati. Abambo anayang'ana licherolo.

"Utale," anatero.

"Eya, agogo, mwaudziwa. Wa m'mawa uno."

Anasankha waukulu kwambiri, wotambalala ngati mbale, n'kuupereka pa zenera. Ndalama anakana. Abambo anaugwira pa chifuwa ulendo wonse wotsala, m'galimoto monse muli fungo la chulu chonyowa.

Pa boma la Ntchisi tinadutsa cha m'ma fili, osaima. Kuchoka apo kamsewu kanachepa, udzu ukukwapula matumba mbali zonse. Tinafika dzuwa litapendeka, mvula itakata. Azakhali a Nachisale, alongo awo a abambo, anali pabwalo akutola nkhuni zonyowa. Iwo ndi abambo anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osaonana. A Lameki anamasula thumba lakumbuyo kuti awatsitse, koma abambo anapukusa mutu. Sanafune kutsika msanga.

Azakhali anafika pa galimoto. Anapukuta mapazi pa udzu, anakwera movutikira, n'kugona chammbali pa matiresi pafupi ndi mlongo wawo. Ine ndinatsika kuwapatsa malo. Tinaima panja ndi a Lameki, tikumva mawu awiri okalamba akunong'onezana m'kati mwa matumba, pena kuseka. Ankakumbutsana za mbuzi ina yomwe anaitaya m'phiri ali ana, n'kumakanganabe kuti wolakwa anali ndani.

M'mawa uja ndinkaganiza kuti ntchito yathu ndi kuwafikitsa abambo osanyowa. Anafika atanyowa phewa lonse lakumanzere, ndipo anatsokomola sabata yathunthu. Koma anakhala nafe mpaka mu Malichi, n'kudya chimanga chachiwisi cha m'munda wa alongo awo.