Amake Wayilesi ndi Pegi ya Pachingwe

Amake Wayilesi amasita kukampani ina yochapa nsalu za m'mahotela. Agwirako zaka khumi ndi zinayi. Thebulo lawo lili pafupi ndi makina owumitsira, pamalo potentha pomwe anzawo onse anapakana. Shati amayamba ndi kolala, kenako mikono, kenako msana, ndipo ngati pali batani lomwe lathothoka amaliona asanaike n'komwe nsimbi. Akaweruka amakwera basi ziwiri, n'kukapeza ntchito ina yomwe palibe amaitchula kuti ntchito: kuphika, kusambitsa apongozi awo omwe anafa ziwalo mbali imodzi, kusita yunifolomu ya mwana. Amuna awo amayendetsa lole ndipo amabwera kawiri pa mwezi.

Mwana ali naye mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina loti Wayilesi anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amadzatseka tulo tikamugwira.

Atalowa kalasi yachiwiri, aphunzitsi anayamba kupatsa ana kabuku ndi khadi. Mwana aziwerengera kholo lake tsiku lililonse, khololo lizisayina. Koma amake Wayilesi sadziwa kuwerenga. Sukulu anasiya ali aang'ono kuti alere abale awo, mayi awo atadwala. Dzina lawo lokha ndilo amalemba, ndipo amachita kulijambula monga analilowezera. Kuntchito sizinawavutepo, poti nsalu za hotela iliyonse amazidziwa ndi ulusi wa m'mphepete. Mwanayo sanamuuzepo.

Choncho madzulo aliwonse iwo ankasita, Wayilesi atakhala pampando pambali pawo, buku lili pamiyendo. Nkhani zake zinali zokoma. Munali galu wokwera basi osalipira, munali dokotala woopa jakisoni. Mayiwo ankaseka mpaka misozi, n'kusayina.

Patatha miyezi iwiri anaitanidwa kusukulu. Aphunzitsi ake anali mtsikana ndithu, wa maso otopa, wophunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi.

“Mayi, khadi ili mwasayina tsiku lililonse,” anatero aphunzitsiwo. “Koma mwanayu sakuwerenga. Taonani.”

Anaphimba chithunzi ndi dzanja, n'kuloza mzere woyamba. Wayilesi anayang'ana zilembo, kenako anayang'ana pansi.

“Amangoona chithunzi n'kupeka zake. Kodi simuona kuti zomwe akunenazo m'bukumu mulibe?”

“Ndimakhala ndikusita, aphunzitsi.”

“Teremu ikamatha ndidzamuyesanso. Akadzalephera kuwerenga tsamba limodzi yekha, abwereza kalasi.”

Mawa lake amake Wayilesi anawotcha nsalu ya pilo, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Mnzawo wa pathebulo loyandikana, yemwe ankadziwa chinsinsi chawo, anaibisa pansi pa mulu abwana asanaone.

“Asisi, mwanayo watengera bambo ake. Si mmene anakupezerani inu, ndi pakamwa?”

“Musandiseketse, mutu ukundiwawa.”

“Kawauzeni zoona aphunzitsiwo.”

“Ndikauze mwana wa dzulodzuloli kuti ndine mbuli? Kenako anzake a mwana wanga amve?”

Tsiku limenelo atafika kunyumba anatenga kabuku kaja n'kukayang'ana monga amayang'anira shati yachilendo. Zilembozo sizinawauze kanthu, koma anaona kuti zakhala m'timagulu, pakati pali mipata. Mzere woyamba unali ndi timagulu tisanu. Anatuluka panja, n'kuchotsa pegi imodzi pachingwe.

“Iwe, bwera. Liwu lililonse uzilikhudza ndi pegi iyi. Pakamwa pakathamanga kuposa pegi, tibwerera.”

Wayilesi anayamba mwa nthawi zonse. Pegi inafika kumapeto kwa mzere iye akadali pakati pa nkhani.

“Apa pali mawu asanu. Iwe wanena asanu ndi anayi. Enawo wawatenga kuti?”

“Ndawonjezera kuti ikome.”

“Ikoma tikamaliza. Bwerera.”

Sabata yoyamba inali ya misozi. Wayilesi ankadziwa zilembo zambiri payekhapayekha, koma kuzilumikiza kunkamutopetsa, ndipo mwana wozolowera kuyankhula mothamanga ankakwiya kudzimva akuchita chibwibwi. Mayi ake sankathanso kusita uku akumvetsera. Ankazimitsa nsimbi, n'kuwerama pabukupo, zovala n'kumadikira mpaka m'mamawa. Maso omwe ankazindikira ulusi anayamba kuzindikiranso maonekedwe a mawu.

“Ili ndi ili akufanana. Pamwambapa wati mvula, apa wati ambulera. Wanama pati?”

Tsiku lina Wayilesi anakakamira pa liwu lalitali. Anayesa katatu, kenako anaponya pegi pathebulo.

“Amayi, ingondiuzani. Likuti chiyani?”

Mayiwo anatola pegi ija, n'kuitembenuzatembenuza m'manja.

“Sindikudziwa.”

“Mwaiwala?”

“Sindinaphunzire. Sindidziwa kuwerenga, mwanawe.”

Agogo ake a Wayilesi, posamva mawu ake, anafunsa kuchokera kuchipinda ngati mwana watuluka.

“Nanga pakhadi paja mumasayina chiyani?”

“Ndimasayina kuti ndakumva.”

“Ndiye tifunsa ndani?”

Anagwirizana kuti liwu lililonse lowakanika aziika kadontho ka pensulo pansi pake, iye akafunse kusukulu, madzulo adzauze mayi ake. Panalinso pangano lina: tsamba likatha bwino, buku lizitsekedwa, Wayilesi azipeka nkhani yake mmene angafunire. Mayiwo ankalakalaka kumva zomwe zinamuchitikira galu uja, ndipo ankamufunsa mafunso mpaka mpunga kupserera. Bambo ake atabwera anamvetsera mizere iwiri, n'kunena kuti mwana wawo ndi wanzeru ngati iwowo, n'kugona pampando.

Tsiku la mayeso amake Wayilesi anapempha theka la tsiku kuntchito. Ana ena atatuluka, aphunzitsi anaika pathebulo pepala lopanda chithunzi, la mizere isanu ndi itatu. Wayilesi anatulutsa pegi m'thumba la yunifolomu. Aphunzitsi anaiyang'ana, n'kumuuza kuti ayambe.

Anawerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, mayi ake ataima kumbuyo kwake. Mzere woyamba unatha, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi anakakamira. Kenako mawu anayamba kutuluka mofulumira, mokoma, pegi itaima pamodzimodzi.

“Bwerera,” anatero mayi ake.

Aphunzitsi anadzutsa mutu. “Pepalali munaliwerengapo, mayi?”

Mwana wawo anatembenuka n'kuwayang'ana.

“Ayi, aphunzitsi. Ine sindiwerenga, ngakhale liwu limodzi. Koma mzerewo uli ndi mawu asanu ndi limodzi, ndipo iyeyu wanena kale asanu ndi atatu.”

Aphunzitsi anayang'ana papepala, milomo ikugwedezeka powerengetsera mawuwo. Kenako anayang'ana khadi lija, lodzaza ndi dzina lojambulidwa mofanana tsiku ndi tsiku.

“Timadontho tija mumaika ndinu?”

“Tonse awiri.”

“Mukanandiuza tsiku lija, mayi. Inenso sindinafunse bwino.” Anakankhira pepala kwa mwanayo. “Yambiranso mzere umenewu. Usathamange.”

Wayilesi anaika pegi pa liwu loyamba. Liwu lovutalo analidula patatu, n'kulilumikiza, n'kupitirira. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri anakakamiranso, koma sanapeke. Anangoti, “Ili sindilidziwa,” aphunzitsi n'kumuthandiza chilembo choyamba. Atafika kumapeto anapumira m'mwamba ngati wanyamula ndowa.

“Sanafikepo kwenikweni,” anatero aphunzitsi, akutenga mabuku atatu pashelefu. “Koma akuwerenga. Apite kalasi yachitatu. Awa muwerenge pa holide, nonse awiri.”

Amake Wayilesi anapukuta manja pasiketi asanawalandire.

“Muli zithunzi?” anafunsa Wayilesi.

“Zilimo,” anatero mayi ake, atasuzumira. “Ndiziphimba ndekha.”