Mabuku Osungira Alendo

Lachiwiri lapitali ndinali kwathu ku Kandeu, kukaona mlongo wanga amene wakhala akudwaladwala. Ndisanakhale pansi n'komwe, mwana wake Tadala, wa sitandade folo, anandikoka shati.

"Amalume, kodi mbuzi ija inapezeka?"

"Mbuzi iti, iwe?"

"Ya m'buku lanu lija."

Chaka chatha ndinalemba kabuku ka ana. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene mbuzi yake inadula chingwe tsiku la msika pa Lizulu, n'kuwoloka msewu kulowa ku Mozambiki. Odziwa Lizulu mukudziwa kuti pamenepo mbuzi sifuna pasipoti. Osindikiza mabuku a m'tauni anakakana. Wina anati sikali pa silabasi, wina anati makolo sagula mabuku a Chichewa. Ndinalimba mtima n'kukasindikizitsa ndekha, ndipo katoni yathunthu ndinakapereka kusukulu kumene ndinaphunzira a, e, i, o, u. Ndi komwenso Tadala amaphunzira.

"Nanga sunawerenge mpaka kumapeto?" ndinamufunsa.

"Anatilanda. Kunabwera alendo a galimoto yoyera, ndiye anatipatsa kuti tigwire, atijambule. Ine ndinawerengako peji loyamba basi. Alendo atangopita, aphunzitsi anati bwezani."

M'mawa mwake ndinafika kusukuluko. Ahedi ndi munthu waulemu ndithu, anandilandira ndi manja awiri, mpando anapukuta okha. Nditafunsa za mabuku, anatulutsa kiyi m'thumba la jekete n'kutsekula kabati ya mu ofesi monyadira. Katoni ija inali momwemo. Mabuku apamwamba anali oyera mbee, koma nditanyamula ochepa ndinapeza kuti apansi asanduka dothi. Chiswe.

"Akuluakulu, ana athuwa simuwadziwa," anatero ahedi. "Mukawapatsa lero, mawa chikuto palibe. Wina akakulungira zitumbuwa. Nanga a kuboma akabwera kudzayendera, tiwaonetsa chiyani?"

"Nanga chiswechi muwaonetsanso?"

"Aa, chimenechi ndiye chatipweteka. Tithira mankhwala."

Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndipo pamene ndikulemba pano ukuwawabe. Pasukulu yonse ija, amene anafika kumapeto kwa nkhani yanga ndi chiswe.

Koma ndikamawanena ahedi aja, ndinene ndani amene sachita zomwezo? Tonse tinaleredwa choncho. Bambo anga atabwera kumigodi ku Joni anabweretsa bulangete lolemera ndi mbale zoyera za maluwa. Bulangete linalowa m'bokosi kudikira mlendo, ife tikunjenjemera ndi chisanu cha ku Ntcheu kuno. Mbale zija tinkangozionera pagalasi. Tambala akaphedwa, chidali chinali cha mlendo, ife ana zipalapasiro ndi mutu.

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi zoona. Koma taonani zimene tachita nawo mwambiwu: chabwino chilichonse timapatsa wongodutsa, mwana amene tikhala naye mpaka kalekale adikire. Ulemu umenewu tautengera mpaka kusukulu, ndipo buku lasanduka mbale ya m'kabati.

Kenako timasonkhana m'mahotela, akuluakulu a mataye, botolo la madzi patsogolo, n'kumadandaula kuti ana a masiku ano sakonda kuwerenga. Akonda bwanji chinthu chimene amachigwira pojambulitsa pokha? Munaona mwana akukonda mango ongowaona m'dengu la eni ake?

Ine amene ndinalemba bukulo ndikuti ling'ambike. Buku la mwana liyenera kuda ndi manja a mbatata yootcha. Liyenera kupindika m'thumba la pulasitiki, kununkha utsi, kusowa chikuto chifukwa ladutsa m'manja mwa mudzi wonse. Buku lotero lagwira ntchito yake. Khasu looneka latsopano pakutha pa dzinja timadziwa kuti mwini wake sanalime.

Ndipo musaiwale kuti mwana sadikira. Kabuku kaja ndinalembera msinkhu wa Tadala. Pofika nthawi imene ahedi adzaone kuti ana aphunzira kusamala, Tadala adzakhala atakula, nkhani ya mbuzi idzakhala ya tiana kwa iye. M'mera mpoyamba, timatero tokha, kwinaku kiyi ali m'thumba.

M'chikwama changa munali kabuku kamodzi kotsala, kanga kosunga. Tsiku lobwerera, njinga yamoto yonditengera kumsewu itafika kale, ndinamuitana Tadala n'kumupatsa.

"Kako kako aka. Ukawerenge wekha, umve za mbuzi yako."

Anakalandira ndi manja awiri n'kukhala pakhonde pomwepo, chala chili kale pamzere woyamba. Mtima wanga unayamba kutsika.

Apo mayi ake anatulukira, kudwala konse kuja atakuiwala. Anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo achimwene, mwatilemekeza. Iwe Tadala, manja akowo wasamba? Bweretsa kuno, ungadetse. Chinthu cholemba amalume ako si choseweretsa."

"Mlongo, musiyeni awerenge. Ndamupatsa kuti awerenge."

"Awerenga, achimwene, awerenga. Akakula pang'ono."

Anakapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kulowa nako kuchipinda. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, ija amasungamo yunifolomu ya kutchalitchi. Sindinathe kukalipa. Ndi mlongo wanga, akudwala, ndipo anachita zimenezo chifukwa chondinyadira.

Wanjinga analiza hutala. Tadala anandiperekeza mpaka panjingapo, ndipo nditakwera anangoti, "Amalume, ingondiuzani pakamwa."

Inu owerenga, musanandimvere chisoni, pitani mukatsekule sutikesi yanu. Muli chiyani cha mwana wanu chimene mukudikira kuti ayambe wakula?