Tsiku limene ndinawasiya bambo pamsewu

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, poti usiku wonse ndinangokhala tsonga pamphasa pafupi ndi bokosi la bambo. Amayi a kwaya anali atasasa mawu. Panja amuna ankaodzera pamipando ya pulasitiki, ndipo kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale pamafuwa. Utsi wa nkhuni mu Area 10! Anzathu a m'mipanda yoyandikana nafe ayenera kuti anadabwa.

Ine mtima unali kugalaja. Mmenemo munali galimoto ya bambo, yofiira, ya zitseko ziwiri, yakale kuposa ine, ya injini ya tabo imene imaimba likhweru ikathamanga. Ankati m'dziko muno inatsala yokhayo. Sinalawepo mvula, ndipo aliyense wokwera ankayamba wasansa nsapato. Ali m'chipatala anandipempha zinthu ziwiri: kuti ndidzawatsogolere nayo kumanda, komanso kuti ndisadzaiphe. Ndinangovomera zonse, osadziwa kuti ziwirizi zidzalimbana.

Kutangocha anafika makaniko wa bambo, mkulu wachisilamu wa ku Old Town, akuchokera kumzikiti. Anapepesa maliro, kenako anakatsegula boneti. Anayang'ana madzi ndi oilo, n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti galimotoyi imazizira ndi mphepo ya liwiro, kukwawa siikudziwa. Singano yosonyeza kutentha ikangofika pofiira, injini yapsa, ndipo zipangizo zake sizipezeka ngakhale ku Joni. Ndinawapempha kuti tikwere limodzi.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanakwere. Malole awiri a kumudzi, anzawo a bambo a m'maofesi atavala masuti akuda, ena oti sindinawaonepo chibadwire. Mlonda anatopa n'kutsegula geti, anangolisiya pululu. Ine ndinalephera kukhala pansi. Ndikalowa m'nyumba ndinkafuna kutuluka, ndikatuluka ndinkafuna kulowa. A malume atamva za galimoto anandiitanira pambali, nati mwana wamkazi pamaliro amakhala pafupi ndi amayi ake, osati pachiwongolero. Ndinawauza kuti ndi mawu a malemu. Amayi anali chikhalire, atafunda chitenje kumutu.

Tinanyamuka masana, mapemphero atatha, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Ine patsogolo, kumbuyo kwanga galimoto yonyamula bokosi momwenso munali amayi, kenako mdipiti wonse. Manda athu ali kumudzi, kunja kwa tauni, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kudutsa mu Old Town. Ku City Centre zinayenda bwino. Koma titangofika pamlatho, eee! Maminibasi, akabaza, ogulitsa madzi, onse pamsewu umodzi. Ena ankaloza galimoto yofiirayo, ena ankavula zipewa poona bokosi. Ine maso anali pasingano, ndipo inayamba kukwera.

Mkulu uja anayatsa hita mpaka pamapeto, kuti ikoke moto wa injini kubwera nawo mkati. Tinapsa ngati mbatata. Duku langa linanyowa, thukuta likulowa m'maso. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti tikatuluka m'tauni zitheka. Tinatulukadi, msewu unayera, koma maliro sathamanga. Amayi a kwaya ankaimba ali chiimire m'lole, ndipo woyendetsa bokosi ankangokwawa mwaulemu. Singano inatsala pang'onong'ono kukhudza pofiira.

"Mayi, sankhani," anatero mkuluyo. "Muzimitse pompano maliro akupitirireni, kapena muipatse mphepo."

Ndinayang'ana pagalasi. Bambo anga anali pomwepo, kumbuyo kwanga. Ndikaima ndiye kuti apita kumanda popanda galimoto yawo patsogolo. Ndikapitiriza kukwawa ndaipha. Ndinatsitsa giya n'kuponda.

Mayo ine! Inayamba yadodoma kaye, kenako likhweru lija linalira, mpando unandikankha kumsana, mitengo ya m'mbali mwa msewu inasanduka mzere umodzi. Pagalasi mdipiti unachepa mpaka unasowa. Ndinalira mokweza koyamba chimwalirireni bambo. Ndipo ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi: zinandikomera. Singano inatsika pang'onopang'ono kufika pakati.

Kumanda tinapeza adzukulu okha atakhala pamulu wa dothi, ndipo anatiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mkuluyo anandigwira dzanja kuti ndisazimitse msanga, tabo iyambe yapuma. Ndinadikira pamenepo, kutuluka, kulowanso, kuyang'ana kumsewu. Nthawiyo inatalika kuposa usiku wa pasiwa.

Maliro atafika, a malume sanadikire n'komwe kuti bokosi litsike. Anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Kuthawa mtembo wa bambo ako, anthu onsewa akuona?" Azimayi ena ankanong'onezana, ena ankandipewa maso. Mwambo wonse ndinauona ngati ndili kutali. Poika nkhata amayi, amene anaima pambali panga, sananditembenukire.

Tinabwerera m'tauni dzuwa likulowa. Tenti inali itaphwasulidwa, pabwalo patangotsala phulusa ndi mipando yosanjikiza. Azakhali awiri anagona pakhonde osavula nsapato. Ine ndinakabisala kugalaja, ndikupukuta fumbi la kumudzi, ndikudzifunsa ngati ndinasunga mawu a bambo kapena ndinawanyoza.

Ndinamva mapazi, ndipo anali amayi. Ndinagwada, ndikudikira kukalipiridwa. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili padenga la galimoto.

"Yapsa?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Ili bwino."

"Ndinaimva ikulira muja," anatero. "Masiku atatu anthu akhala akundiimbira, akundipempherera, akundiuza za bambo ako. Koma iwo eni ake sindinawamve paliponse. Ndinawamva pamsewu paja." Anakonza chitenje chawo. "Dzuka. A malume ako ndiwayankha ndine."

Anabwerera m'nyumba. Ndinamva akutseka mawindo limodzilimodzi, ntchito imene madzulo alionse inali ya bambo.