Hutala Pamaso pa Njovu

Chaka china, titangomaliza kugulitsa fodya, amuna anga anachoka kwathu ku Mitundu Lachisanu n'kubwera Lolemba. Anati anzawo olima nawo fodya anawatengera kokaona nyama, ndipo galimoto anayendetsa okha m'nkhalango monsemo. Akuti anaona mkango, njovu, njati, zonse tsiku limodzi, ngati zinachita kuitanidwa kumsonkhano. Nditapempha zithunzi anati foni inatha moto. Foni yakenso iti, yomwe ngakhale pamaliro sichoka m'manja!

Sindinakangane nawo. Ine ndikamakayika ndimakhala phee, ndipo osandidziwa amati ndine wofatsa. Ndinangoti, "Abambo, inetu njovu ndimangoionera pachitenje. Mukandionetseko nane." Anayamba zoti mafuta akusowa, matayala atha, msana ukuwawa. Ndinawakumbutsa m'mawa ndi madzulo mpaka anagonja. Zinyamazo sindinkazifuna kwenikweni. Ndinkafuna kudziwa ngati mwamuna wanga anagonadi kumene ananena.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, awiriwiri. Pa Diamphwe ndinagula mbatata yokazinga, iwo anakana kudya. Titafika pachipata cha nkhalango yosungirako nyamayo, mlonda anawerama pawindo n'kuyamba kutiuza malamulo. Anangofika poti tisatsike m'galimoto, amuna anga n'kumudula.

"Tikudziwa, achimwene. Si koyamba kuno."

Mlonda uja anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutitsegulira.

Zoyamba kuona zinali nswala, zitaima pamthunzi, zoyera bwino ngati zosambitsidwa. Kenaka njiri zinadutsa chothamanga, michira ili njo m'mwamba. Ine diso limodzi linali panyama, lina pa oyendetsa. Pamphambano iliyonse ankachepetsa liwiro, milomo ikugwedera powerenga chikwangwani.

"Mkango uja munauonera pati?" ndinafunsa.

"Kutsogoloku."

"Unali pansi pa mtengo kapena pamtunda?"

"Kodi amayi, mwabwera kudzaona nyama kapena kudzandizenga mlandu?"

Kumtsinje tinapeza mvuu. Imodzi inayasamula, kukamwa konse kuli pululu, ndipo amuna anga anamenya chiwongolero n'kufuula, "Taonani! Taonani mano!" Ndinaseka nawo, sindikana. Tinali tisanaseke limodzi kwa nthawi yaitali, ndipo pamenepo ndinalakalaka ndithu kuti ndikhale wolakwa. Koma chimwemwe chawocho chinali cha munthu woona chinthu koyamba, ndipo chinandiwawa mumtima.

Dzuwa litapendeka tinakumana ndi njovu. Zinatuluka m'mitengo mwakachetechete, zazikulu ndi kamwana pakati, n'kuyamba kuwoloka msewu. Yaikulu kwambiri inaima pakati penipeni, ikuthyola nthambi mosafulumira. Tinadikira pang'ono. Kenaka amuna anga anachita zimene woyendetsa aliyense amachita pa Mitundu tsiku la msika, ngolo, mbuzi ndi akabaza zikatseka njira. Analiza hutala. Osati kamodzi, koma mwaukali, mpaka kutulutsa dzanja pawindo kuikusa kuti ipatuke.

Njovu ija inatembenuka, makutu tambasu, n'kulira kulira kumene ndinakumvera m'mimba. Inatithamangira, fumbi lili koboo. Amuna anga anafuna kubwerera m'mbuyo, giya inakana, injini n'kuzima. Ndinatseka maso ndikutchula ana anga mmodzimmodzi. Nditatsegula, inali itaima pafupi moti ndinkaona makwinya a pachitamba. Inapukusa mutu, inatiyang'ana kanthawi, kenaka inabwerera kwa kamwana kaja. Koma gulu lonse silinachoke. Linangotizungulira n'kumadya, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mantha atatsika, mkwiyo unakwera. Munthu woti anayendetsapo galimoto m'nkhalango muno, atamvera mlonda mpaka kumapeto, sakanaliza hutala. Ngakhale ine wa pachitenje ndinkadziwa kuti njovu si mbuzi. Kukuwa sindikanatha, choncho ndinanong'ona.

"Abambo, simunafikepo kuno."

Anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu.

"Ndikufunsa mwaulemu. Munali kuti?"

"Ku Nathenje," anatero, maso ali kutsogolo.

"Kwa ndani?"

Kunja nthambi inathyoka.

"Kuli mayi wina. Kuli mwana. Wayamba kuyenda."

Kukanakhala kwathu ndikanamenyetsa chitseko, ndikanapita kwa ankhoswe ngakhale opanda nsapato, mudzi wonse ukanamva. Dzanja langa linafikadi pachitseko. Koma kumbali kwangako kunali mwendo wa njovu, ndipo ndinalibweza dzanjalo n'kuliika pamiyendo. Tinakhala momwemo, mapewa ali pafupi kugundana, tikudikira kuti zimalize kudya.