Kumanda kwa Armando Sindinafikeko

Ndinadzuka tambala asanalire, m'chiuno mukuwawa ndi mkeka wa pasiwa. Amayi a kwaya anali atasasa mawu. Panja chiperoni chinkawaza, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi. Nditakhudza Lusiya, mwana wa malemu mchimwene wanga Armando, ndinapeza thupi lili moto.

Armando naye anayamba choncho. Ku posito, kachipatala ka kwathu kuno, anapitako kawiri, ndipo kawiri konseko infermeru, namwino wa pamenepo, sanamubaye ngakhale chala kuti aone magazi. Ankangomufunsa pamene pakupweteka n'kumupatsa makapisozi, aja a zilonda ndi chibayo. Pamene tinamuwolotsa malire pa Muloza, achipatala a kutsidyako atamuyeza anapeza malungo atakwera kale kumutu. Munthu wosenza matumba pamalire, wamphamvu ngati ng'ombe, kufa chifukwa chosowa womutenga kadontho ka magazi! Mpaka lero zimandiwawa.

Kutacha anthu anayamba kufika, a ku Majaua panjinga, osenza katundu anzake wapansi, matope mpaka m'mawondo. Ndikupita kukatenga madzi kuseri kwa nyumba, ndinapeza apongozi ake a Armando akutsegulira kapisozi m'phala la Lusiya. Anali makapisozi otsala a malemu.

"Ndi a kuchipatala awa, amphamvu," anatero. "Titaye?"

"Nanga mwini wake ali kuti, amayi? Si uyo ali m'bokosimo?"

Phalalo ndinalikhuthulira pansi. Amayi ena anandigwira mkono, ati pamaliro sakangana, mwana tidzamuona mawa. Mawa! Ndi mawa lomwelo linatidyera munthu.

Mwambo utayamba, amalume ananena mbiri ya malemu, kuti achipatala anayesetsa koma Mulungu wamukonda. Anthu anavomera ndi mitu. Ine mtima unkawira: kodi Mulungu ndiye anakana kutenga magazi?

Bokosi litanyamuka ndinabereka Lusiya n'kulondola nawo. Pamphambano, anthu atakhotera kumanda, ndinaimitsa kabaza wopita ku Milange. Wina anandikuwira, sindinacheuke. Kuchipatala ndinakakamira pabenchi mpaka atamubaya chala mwanayo. Anali malungo, ndipo mankhwala ake anayambira pompo.

Tinabwerera madzulo anthu atabalalika, pabwalo patatsala mafuwa ndi phulusa lonyowa. Mlamu wanga, mayi wake wa Lusiya, analandira mwana, namugwira pachipumi, namugoneka. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti poitana achibale kuti aponye dothi anatchula dzina langa, nadikira pang'ono, adzukulu n'kuyamba kukwirira.