Nyemba Imene Ndinameza

Mdzukulu wanga wabwera kuchokera kusukulu ku Chelstone akukamba za nambala yodzaza bolodi lonse, koma yosagawika ndi nambala ina. Ine kukhosi kwandikanda.

Ndili mwana wasukulu ku Kabwata, aphunzitsi anandikhuthulira nyemba 97 pa simenti yozizira. "Ziike m'mizere yofanana."

Ndinayesa mizere iwiri, itatu, inayi, imodzi ikutsalabe. Ndinaganiza kuti iwo analakwitsa powerenga, ndipo mwana sauza wamkulu kuti walakwa. Ndinaimeza youma chomwecho, mizere n'kukwana.

Aphunzitsi anawerenga. "Ina ili kuti, iwe?"

Anandikwapula katatu.

"Ukanangonena kuti sizigawika. Yankho linali lomwelo."

Sukulu ndinalekera kupulayimale, koma mpaka lero chinthu chikakana ndimanena kuti chakana, ngakhale pamaso pa bwana.